Kuyesa mahuva akale oimirira: momwe mungadziwire yotulutsadi mchenga m'kapeti

Pa misika ya Lamlungu m'mawa kuno ku Britain, ija amati car boot sale, simulephera kupeza huva yakale yoimirira, makina aja okoka fumbi pakapeti, itatsamira galimoto, thumba lake lansalu lili lende pachogwirira. Anthu ambiri amangoidutsa. Ine ndimaima, chifukwa ntchito yoyeretsa m'nyumba za makapeti inandiphunzitsa kuti makina ena a zaka 50 amatulutsa mchenga umene makina atsopano a phokoso lalikulu amausiya pansi pa ubweya wa kapeti. Koma si onse, ndipo maso okha sangakuuzeni kuti yabwino ndi iti. Mizere yokongola imene huva imasiya pakapeti si umboni. Umboni uli pa sikelo.

Nazi njira zimene ndimatsata ndikakhala ndi mahuva awiri kapena atatu akale ndipo ndikufuna kudziwa yoyenera kusunga.

Choyamba: dziwani njira imene fumbi limadutsa

Musanayatse chilichonse, itembenuzeni huvayo muone kapangidwe kake. Mahuva oimirira akale ali m'magulu awiri, ndipo mukawasakaniza mudzaweruza molakwa.

Gulu loyamba ndi limene zinyalala zimadutsa m'fani yeniyeniyo. Fani ili pafupi kwambiri ndi kapeti, imakoka mpweya ndi fumbi, kenako n'kuzikankhira m'thumba lofewa limene limafufuma makina akayaka. Mu gulu ili muli Hoover Junior, Hoover Senior, Kirby, Royal yachitsulo ndi Sanitaire. Kapangidwe kameneka kanachokera kwa James Murray Spangler, munthu amene ankasesa m'sitolo ku Canton, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo fumbi linkamuyambitsa mphumu. Analandira chiphaso cha umwini wa makina ake mu 1908, ndipo William Henry Hoover ndiye anatenga ntchito yowapanga ndi kuwagulitsa. Chifukwa njira ya mpweya ndi yaifupi komanso yotakata, makina awa amakoka mpweya wochuluka pakamwa pawo ngakhale mota ili yaing'ono.

Gulu lachiwiri ndi limene thumba limakhala m'bokosi lolimba, zinyalala n'kulowa m'thumba zisanafike pa fani. Fani imangoona mpweya wosefedwa. Hoover Dial-A-Matic ya mu 1963 ndi imene inatchukitsa njira imeneyi pa mahuva oimirira, ndipo ambiri a masiku ano amatsata yomweyo. Dyson DC01 ya mu 1993 nayonso ili mbali iyi, kungoti m'malo mwa thumba inkazunguza mpweya kuti fumbi ligwere m'chidebe. Makina a gulu ili amakoka mwamphamvu pa payipi, saopa ndalama yachitsulo kapena kamwala, koma mpweya umayenda mtunda wautali wokhotakhota, ndiye amafuna mota yaikulu kuti achite pakapeti zimene anzawo amachita ndi mota yaing'ono.

Apa ndi pamene anthu amasocherera ndi mawati. Mawati olembedwa pa kachitsulo ka pansi pa makina amakuuzani magetsi amene mota ikudya, osati mchenga umene ikutulutsa. Hoover Junior zambiri sizinkafika ngakhale mawati 400. Pamene mayiko a European Union anaika malire a mawati 1600 mu 2014, kenako 900 mu 2017, anthu ambiri anada nkhawa kuti nyumba sizidzayeranso. Aliyense amene anagwirapo Junior yosamalidwa bwino ankadziwa kuti nkhawayo inalibe maziko. Lembani mawatiwo papepala, koma musawalole kuti akusankhireni wopambana.

Chachiwiri: magetsi, musanalowetse pulagi

Gawo ili musalidumphe, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti dzulo lomwe imagwira.

Werengani mavoti. Makina opangidwira ku America ndi a mavoti 120 kapena pafupi pamenepo, ndipo mukawalumikiza ku soketi ya ku Britain, ya mavoti 230, mota ipsa pompo. Kirby zinkagulitsidwa mbali zonse ziwiri, choncho dzina lokha silikwanira, onani manambala. Ya ku America imafuna thiransifoma yotsitsa mavoti.

Yendetsani chingwe chonse m'zala zanu, kuyambira pa pulagi mpaka pomwe chalowera m'chogwirira. Chingwe chakale cha labala chimauma n'kumasweka ngati chikwa cha mtengo, makamaka pa malo aja chimapindika tsiku ndi tsiku. Mukaona mng'alu, chisintheni chonse, musachikulunge ndi tepi. Tsegulani pulagi. Makina akale kwambiri a ku Britain mudzawapeza ndi mawaya ofiira, akuda ndi obiriwira, pomwe masiku ano ndi abulawuni, abuluu, ndi obiriwira osakaniza chikasu. Wofiira ndiye wabulawuni wa lero, wakuda ndiye wabuluu. Pa mota yaing'ono chonchi fyuzi ya 3 kapena 5 ndi yokwanira, ngakhale nthawi zambiri mudzapeza wina anaikamo ya 13.

Yang'anani chizindikiro cha kabokosi kali mkati mwa kabokosi kena. Chikakhalapo, makinawo ali ndi zotchinga magetsi ziwiri ndipo safuna waya wa pansi, wobiriwira uja. Chikapanda kukhalapo ndipo thupi la makina ndi lachitsulo, apititseni kwa wodziwa zamagetsi awayeze musanawagwire ali oyaka. Palinso kachipangizo kakang'ono pafupi ndi mota kapena switchi, kapasita yoletsa makina kusokoneza wailesi. Ikakalamba imang'aluka, ndipo imatha kuphulika ndi utsi wonunkha ngakhale mota ili bwinobwino. Ndi yotchipa, isintheniretu. Poyatsa koyamba lumikizani kudzera pa RCD, kachida kodula magetsi akangoyamba kuthawa, ndipo muyatsire panja kapena m'galaja.

Ikayaka, mverani. Mota yabwino imalira mawu amodzi osalala, ndipo mukazimitsa imatenga kanthawi isanaime. Ikamalira mokwecha kapena kuima msanga, mabering'i auma. Timoto ting'onoting'ono tabuluu pomwe makala a mota, tizidutswa takuda topereka magetsi, akhudza mkuwa wozungulira si vuto, koma moto wozungulira mkuwa wonse ndi fungo la kupsa ndi chizindikiro choti muzimitse.

Chachitatu: zonse ziyambire pa mzere umodzi

Apa ndi pamene kuyerekeza kochuluka kumawonongekera. Munthu amatenga Kirby ya lamba watsopano n'kuipikisanitsa ndi Hoover ya lamba wa zaka 20, kenako n'kulengeza kuti Hoover ndi yachabe. Wayesa malamba, sanayese makina.

Ikani lamba watsopano pa huva iliyonse. Lamba wakale amatha kuoneka wathunthu koma atatamuka, ndipo rola, burashi yozungulira ya pansi pa makina imene lambayo amayendetsa, ikangokhudza kapeti amayamba kuterereka. Pa Hoover Junior lamba ndi wobulungira ndipo amapotoka kuchokera pa mtengo wa mota kupita pa rola. Mukamupotoza mbali yolakwika rola imazungulira chobwerera n'kumalavula zinyalala m'malo mozikokera mkati, choncho tsatirani kachithunzi kamene kamakhala pa makinawo. Pa Kirby lamba ndi wophwatalala, ndipo kutsogolo kuli chopotokola chomukweza ndi kumutsitsa pa mtengo wa mota.

Chotsani rola. Dulani tsitsi ndi ulusi wonse wokulungika kumapeto kwake, muipukuse ndi dzanja, izungulire mosavuta. Kenako yesani ubweya wa burashi: bwezerani rola, gonekani rula kapena khadi mopingasa pakamwa pa makina, muzungulitse rola pang'onopang'ono. Ubweya uyenera kukhudza rulayo. Ukapanda kukhudza ndiye kuti watha, ndipo sukufikanso pakapeti. Ubwino wa Hoover zakale ndi woti timizere ta burashi timasololoka n'kulowetsa tatsopano popanda kugula rola yonse.

Suzumirani fani ndi tochi. Pa makina a gulu loyamba chilichonse cholimba chimene mwini wakale anakoka chinamenya fani imeneyi. Tsamba limodzi likathyoka mpweya umachepa ndipo makina amanjenjemera. Fani yotere isinthidwe kaye, apo ayi huvayo ituluke mu mpikisano.

Pomaliza thumba. Ngati ndi la pepala, ikani latsopano. Ngati ndi la nsalu lokhuthula, likuntheni panja mpaka lisiye kutulutsa fumbi, chifukwa timabowo ta nsalu tikatsekeka mpweya ulibe kotulukira, ndipo mpweya wosatuluka sungalowenso kutsogolo.

Chachinayi: konzani bwalo

Mukufunika chidutswa cha kapeti wa ubweya wapakati, sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu, mchenga wouma, sefa, tepi ya pepala, botolo lalikulu lodzaza madzi, wotchi ya pafoni ndi cholembera.

Kapeti akhale wogwiritsidwapo ntchito. Watsopano amathothoka ubweya, ndipo ubweyawo udzalemeretsa thumba n'kukunamizani. Muyeretseni mobwerezabwereza mpaka thumba lisiye kuwonjezera kulemera. Mumugoneke pamalo osalala osamumata, ndipo ngati muli ndi chofunda chapansi chija amayala kapeti asanaikidwe, chiyaleni.

Mchenga muusefe ngati mukusefa ufa. Timiyala timene tatsala pa sefa titayeni, tingakuswereni fani. Mchenga wogulitsidwa kuti ana aziseweramo ndi wabwino, koma umabwera wonyowa, ndiye uyanikeni uume gwa. Ndi tepi, lembani kamunda ka masentimita 20 m'lifupi ndi mita imodzi m'litali. Ndasankha 20 dala kuti kamundako kakwane pakamwa pa huva yaing'ono kwambiri, kuti yapakamwa potakata isapambane chifukwa cha kukula kokha.

Chachisanu: kuyesa kwenikweni

Yezani magalamu 50 a mchenga, muuwaze mofanana pa kamunda kaja. Gubuduzani botolo lamadzi pamwamba pake maulendo 20 kuti mchenga ulowe pansi, monga umachitira anthu akamaponda ndi nsapato. Mchenga wa pamwamba huva iliyonse imatola. Umene umadula ubweya wa kapeti n'kumukalambitsa ndi wa pansiwo.

Yezani thumba lopanda kanthu, mulembe. Kenako ikani msinkhu wa pakamwa. Yambirani pamwamba, muzitsitsa sitepe imodzi imodzi makina ali oyaka, mpaka mawu asinthe kukhala akuya ndipo mumve kapeti akunjenjemera pansi pa phazi. Imani pomwepo. Anthu amaganiza kuti kutsitsa kwambiri ndiko kuyeretsa kwambiri, koma makina awa sagwira choncho. Mpweya umakweza kapeti pang'ono kuchoka pansi, ndipo ali m'malere chomwecho rola imamumenya. Mu 1926 Hoover inawonjezera pa rola timipiringidzo tachitsulo tosalala, ntchito yake kumenya basi, ndipo malonda awo ankati makinawo amamenya, amasesa, amayeretsa nthawi imodzi. Ndi nzeru yomwe ija ya amayi akamayanika mkeka kapena bulangete pa chingwe n'kulikwapula ndi ndodo: fumbi lokhazikika silichoka ndi kupemerera, limachoka ndi kumenya. Mukatsitsa mopitirira mwatsamwitsa mpweya, kapeti sakukweranso, ndipo lamba ayamba kununkha.

Tsopano yendetsani: kasanu kutsogolo, kasanu kumbuyo, mita imodzi pa masekondi awiri. Liwiro likhale lomwelo pa makina onse, ndipo ngati dzanja lanu limathamanga pa yopepuka, wina akuwerengereni. Zimitsani, dikirani thumba liphwe, mulichotse mosamala, muliyeze. Tiyerekeze kuti linali magalamu 40 ndipo tsopano ndi 75: huvayo yatulutsa magalamu 35 mwa 50 aja. Pa makina okhuthula ngati Kirby zakale, mchenga wolemera umagwera m'kachidebe ka pansi pa thumba, choncho yezani thumba ndi kachidebeko pamodzi, musanayambe ndi mutamaliza.

Musanapite pa huva yachiwiri, tulutsani mchenga wotsala. Mutembenuzeni kapetiyo, mumukunthe, mumuyeretse bwino. Mukapanda kutero yachiwiri idzakolola m'munda wa yoyamba. Chitani katatu pa huva iliyonse, ndipo ulendo uliwonse musinthe yoyambira. Kusiyana kwa magalamu awiri kapena atatu musakuwerengere, ndi dzanja lanu limenelo. Kusiyana kwa magalamu 10 kobwera katatu konse ndiye kwenikweni.

Mchenga ukatha, pali mayeso ena aafupi amene amaonetsa khalidwe la makina.

Wazani mpunga wodzaza dzanja pakapeti, muyandikize huva yoyaka osaukhudza. Pa makina omenya bwino mpunga umayamba kuvina patsogolo pa kamwa isanafike. Ukangokhala phee, rolayo ikungosisita.

Tengani tsitsi, ndipo ngati m'nyumba mwanu muli oluka meshi, tengani la meshi lomwelo, chifukwa ndi limene huvayo idzakumane nalo. Lipondererani pakapeti, mudutsepo kawiri, kenako muone kuti lalowa m'thumba kapena lakulungika pa rola. Ulusi wa meshi ukalowa kumapeto kwa rola umatentha n'kusungunuka, ndipo umawononga mabering'i. Rola yosavuta kuchotsa ndi yofunika kwambiri m'nyumba zathu kuposa momwe opanga ankaganizira.

Wazani mchenga pang'ono m'mphepete mwa khoma, mudutse mbali ya kumanja, kenako ya kumanzere. Makina ambiri akale amasiya kamzere, ndipo mbali ziwirizi sizifanana nthawi zonse.

Mayeso otsiriza ndi amene ndimawalemekeza koposa, chifukwa amakhudza chifuwa. Madzulo zimitsani nyale, wazani supuni imodzi ya ufa pakapeti, muunike ndi tochi m'mbali mwa thumba pamene mukukoka. Thumba lansalu lopanda pepala mkati mudzaliona likufuka. Apa makina akale ambiri amagonja, ndipo sindibisa. Ngati m'nyumba muli wa mphumu kapena khanda, huva ya thumba lokhuthula si yanu, ngakhale itapambana pa mchenga. Njira yake ndi kupeza matumba a masiku ano osefa bwino okwana pa makinawo. A Kirby amapezeka mosavuta, ndipo Junior zambiri zimalandira thumba la pepala mkati mwa lansalu.

Payipi iyeseni payokha ndipo musadabwe. Pa Junior ndi Kirby muyenera kuchotsa lamba pa mota ndi kulumikiza payipi kutsogolo, ntchito ya mphindi zingapo, ndipo pa Junior kukoka kwake kumakhala kofatsa. Apa gulu lachiwiri lija limapambana poyera.

Chachisanu ndi chimodzi: kapangidwe

Kukongola kulipo ndithu. Hoover inalemba ntchito katswiri wa kapangidwe ka zinthu Henry Dreyfuss, ndipo Model 150 ya mu 1936 inabisa mota pansi pa chivindikiro chosalala. Ngakhale fakitale yawo yakale ya ku Perivale, kumadzulo kwa London, yomwe mumaiona mukamadutsa pa msewu wa A40, inamangidwa mokongola ngati nyumba yachifumu. Kirby ya aluminiyamu ikapukutidwa imawala ngati poto watsopano. Koma ine kapangidwe ndimakayesa ndi thupi langa ndi sikuludiraiva.

Inyamuleni mukwere nayo masitepe. Junior, yomwe inayamba kugulitsidwa chapakati pa zaka za m'ma 1930, anaipangira nyumba zazing'ono za ku Britain, ndipo dzanja limodzi limakwanira. Kirby za mtundu wa Generation zimapitirira makilogalamu 10. Generation 3 ya mu 1990 inabwera ndi magiya othandiza kukankha, choncho pansi imayenda mopepuka, koma pa masitepe magiyawo sakunyamulirani. Ngati mumayeretsa nyumba zitatu pa tsiku, msana wanu uli ndi voti.

Gonekani chogwirira mpaka pansi muone ngati mutu ukulowa pansi pa bedi ndi sofa. Onani komwe zinyalala zimalowera m'thumba: zikamalowera pansi, mpweya umayenera kukankha mulu wonse wa fumbi ndipo mphamvu imagwa thumba likafika theka, pomwe zolowera pamwamba zimagwera pansi n'kusiya njira. Werengani masikuluwu amene muyenera kumasula kuti mufike pa lamba, pa fani ndi pa makala a mota. Kenako fufuzani ngati lamba, matumba ndi burashi zake zikugulitsidwabe. Huva yopambana mayeso onse koma yopanda lamba pa msika ndi chokongoletsera pabalaza.

Mawu kwa amene akuganiza zoika imodzi mu kontena yopita kumudzi. Pa magetsi palibe vuto: Malawi ndi Britain amafanana mavoti ndi pulagi ya mano atatu aphwatalala, ndipo ku South Africa mungosintha pulagi. Vuto ndi pansi. Makina awa anabadwira kapeti woyalidwa wa ubweya. Pa simenti yopolisha kapena matailosi rola imangomwaza mchenga kumbuyo, ndipo timipiringidzo tija timagogoda pansi n'kudziwononga. Chimodzimodzi pa kapeti wopyapyala womatidwa ndi guluu, wa m'maofesi uja, chifukwa sangakwere kuti amenyedwe ali m'malere. Ngati nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chilomoni ili ndi kapeti mmodzi pabalaza ndipo kwina konse ndi matailosi, tumizani huva yokoka ya payipi. Ngati muli makapeti enieni, tumizani yoimirirayo, koma muikemo malamba asanu, mtolo wa matumba ndi fani yapadera m'bokosi lomwelo, ndipo muwauze kuti timiyala ta pakhomo azitola ndi tsache asanayatse.